Mfuti yotchipa yosakira: yambani mwafunsa za zipolopolo

Akonzi,

Chimanga chikayamba kukhwima, nguluwe n'kuyamba kulowa m'minda ya m'mphepete mwa mapiri kuno ku Dedza, funso limodzi limamveka kawirikawiri: kodi mfuti yosaboola m'thumba, yoti munthu asakire mwalamulo, ndi iti? Ife timati mfuti ya bolt action, ija mumakoka chitsulo chotchedwa bolt ndi dzanja kuti khoko la chipolopolo choombedwa lituluke, n'kuchikankhanso kuti chipolopolo china chilowe. Zitsulo zake n'zochepa, siivuta kutsuka, ndipo siifa wamba. Chomwe chimatidandaulitsa n'chakuti ambiri amangoyang'ana mtengo wa mfuti, osafunsa kuti adzaidyetsa chiyani.

Mapepala choyamba. Chilolezo chokhala ndi mfuti chimachokera kupolisi, ndipo muchipeze musanapereke ndalama. Chiphaso chosakira ndi china, cha ku nthambi yoona za nyama zakutchire, ndipo chimanena nyama zomwe mwaloledwa kupha. Sichikupatsani ufulu wolowa m'nkhalango zotetezedwa monga Chongoni kapena Dzonzi ku Ntcheu. Kuchokera mu 2017, wopha njovu kapena ngaka atha kukakhala kundende mpaka zaka 30. Komanso poti tili m'malire ndi Mozambique, mfuti yopanda mapepala imene wina akunong'oneza pamtengo wozizira, ngakhale ikhale yonyezimira, isiyeni.

Tsopano zipolopolo. Kwa nkhanga, nkhwali ndi akalulu, mfuti ya .22 LR ndi yokwanira pa mtunda wa mamita 50, siikankha phewa, ndipo zipolopolo zake ndiye zotchipa kuposa zonse. Mfuti za mtunduwu monga Brno Model 2 yakale kapena CZ 452 zimakhalitsa kwambiri. Koma musaiyese choseweretsa: chipolopolo chake chikaphonya chimatha kupitirira kilomita imodzi, ndipo midzi yathu ndi yoyandikana. Musaombere nayo nguluwe. Imangoivulaza, ndipo nguluwe yovulala ndi yoopsa kwa agalu ndi kwa amene apite kumunda m'mawa. Nguluwe imafuna .308 Winchester, .30-06 kapena .303, ndi chipolopolo cha nsonga yofewa cholemera ma grain 150 mpaka 180, chomwe chimafutukuka chikalowa m'thupi. Cha asilikali chokutidwa chonse ndi chitsulo chimangoboola n'kutulukira kwina. Musanasankhe mtundu uliwonse, funsani wogulitsa wovomerezeka kuti ndi zipolopolo ziti zomwe amakhala nazo chaka chonse. Mfuti yamtundu wosowa imatchipa chifukwa mwini wake watopa ndi kuisunga ngati ndodo.

Mfuti zatsopano zotsika mtengo ndi monga Howa 1500, Savage Axis ndi Ruger American. Koma ambiri adzagula yogwiritsidwapo kale ntchito, makamaka Lee-Enfield .303, mfuti yakale ya asilikali yolowa zipolopolo 10, ndiye apa mpofunika maso.

Tsimikizani kuti mulibe chipolopolo, chotsani bolt, pukutani mkati mwa mpope ndi kansalu kouma, ndipo suzumirani mutauloza kowala. Osavomera kuuona uli ndi mafuta, chifukwa mafuta amabisa maenje a dzimbiri. Mizere yozungulira ya mkati ija, imene imapotokola chipolopolo kuti chiyende mowongoka, izioneka yakuthwa kuyambira kumbuyo mpaka kukamwa. Mukaona kamthunzi kozungulira ngati mphete pakati pa mpope, ndiye kuti unatupa pomwe wina anaomba muli dothi. Imeneyo musagule. Kenako tengani chipolopolo, mulowetse nsonga yake kukamwa kwa mpope. Chikamira mpaka pa khosi la khoko, kamwa linatha, ndipo mfutiyo idzamwaza.

Nambala ya pa bolt ifanane ndi ya pa thupi la mfuti, ndipo zonse zifanane ndi ya pa mapepala. Si nkhani ya apolisi yokha ayi. Bolt yochokera ku mfuti ina imatha kusiya mpata waukulu kumbuyo kwa khoko, khoko n'kutamuka mpaka kuduka, mpweya wotentha n'kubwerera kumaso. Chizindikiro chake chimaoneka pa makoko oombedwa kale: kamzere kowala kozungulira pafupi ndi tsinde, kapena kabatani kapakati kotuluka pang'ono. Choncho pemphani mwini mfuti akuonetseni makoko ake. Pa Lee-Enfield No. 4 mutu wa bolt umasinthika, uli ndi manambala 0 mpaka 3, koma ntchito yoyeza ndi kusintha ndi ya mmisiri wa mfuti wokhala ndi zoyezera, osati wowotcherera zitsulo pamsika.

Yesani sefeti, kachitsulo kotseka mfuti kuti isaombe, mfuti ilibe kanthu ndipo yaloza pansi: itchereni, tsekani sefeti, kokani tiriga mwamphamvu, siyani tirigayo, ndiye mutsekule sefeti. Ikakhethemuka yokha, ndi yoopsa. Itchereninso, mugunditse thako lake pamphasa pang'ono, isakhethemuke. Onaninso thabwa kumbuyo kwa bolt ndi pogwira dzanja, pomwe ming'alu imayambira, ndipo dziwani kuti vanishi watsopano pa mfuti yakale nthawi zambiri akubisa kanthu.

Ngati pali malo ovomerezeka oyesera, ombani zitatu pa pepala pa mamita 100 mfuti itatsamira pa thumba la mchenga. Mabowo akagwa m'dera losaposa masentimita 8, ndi yokwanira nguluwe. Bowo likakhala lalitali m'malo mozungulira, chipolopolo chikugubuduka ndipo mpope unatha.

Za sikopu, galasi loonera patali lomangirira pa mfuti, sitichulukitsa. Yolembedwa 4x32 kapena 3-9x40 ikwana, ndipo pa mamita osafika 80 zolozera zachitsulo za pa mfuti zimagwira bwino ntchito. Mfuti ikayamba kuphonya mwadzidzidzi, yambani mwaona zomangira sikopu, chifukwa zotchipa zimakhwefuka ndi kukankha kwa .308.

Chinyezi cha kuno, ndi nkhungu za mu Juni ndi Julayi, chimadya mfuti msanga. Musaisunge m'chikwama chansalu kapena chachikopa chifukwa chimasunga chinyontho. Ikhale m'bokosi lachitsulo lokhoma, yopakidwa mafuta pang'ono, zipolopolo zili kwina kokhomanso komwe ana sangafike. Amene ali ndi zipolopolo zakale za asilikali za .303 adziwe kuti zambiri zimasiya mchere mumpope, ndipo mafuta sasungunula mchere. Tsiku lomwelo thirani madzi otentha kuchokera kumbuyo kudzera pa fanelo, pafupifupi lita imodzi, umitsani ndi nsalu, pakani mafuta, ndipo mudzaonenso mpopewo pakatha masiku 2.

Alenje okhala ndi ziphaso,
Bembeke, Dedza