Mafilimu oopsa a masiku ano: magazi achuluka, mantha achepa

Akonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzi yathuyi ndiyankhuleko za mafilimu oopsa, ma horror amene achinyamata akuwakonda kwambiri masiku anowa. Ine ndili ndi kashopu kuno ku Chinamwali komwe ndimatchaja mafoni komanso kuika mafilimu ndi nyimbo mu memori ndi mu flashi, nde nkhaniyi ndimakhala nayo tsiku ndi tsiku, ndimamva zomwe anthu amapempha ndi zomwe amanena akabwera kudzatenga ina. Ndinene poyera kuti ineyo mafilimu amenewa ndimawakonda, sindikulemba ngati munthu wofuna kuti aletsedwe ayi. Chomwe chikundiwawa nchoti ambiri atsopanowa anasiya ntchito yoopseza munthu, angotsala ndi kudula anthu ziwalo pamaso pa kamera, ndipo amene akuonera kwambiri zimenezi kuno kwathu ndi ana.

Mnyamata akalowa mu shopu muno safunsanso kuti filimuyo ikukamba za chani, amangoti achimwene ndiikireni ya magazi okhaokha, ija yodula mwendo ija, kapena ija ya chitsiru chopaka nkhope choseka chikupha anthu. Ndimamvetsa chomwe akufuna chifukwa nanenso ndinadutsa momwemo. Mantha ali ndi kukoma kwake ukamadziwa kuti uli pabwino, mtima umagunda, m'manja mumatuluka thukuta, kenako filimu ikatha umapuma mpweya wautali nkuona kuti ulibe ngakhale bala, uli pa benchi pako pomwe unali. Kwa anyamata pamakhalanso kuyesana kulimba mtima, amakhala asanu pa foni imodzi kudikirira kuti ayambe kutembenuza nkhope ndi ndani, woyambayo amasekedwa mpaka mawa lake.

Palinso luso lenileni m'menemo, limenelo sindingalikane. Magazi timaonawo nthawi zambiri amakhala manyuchi a shuga osakaniza ndi utoto wa zakudya, mikono ndi mitu yodukayo amaiumba ndi labala kapena silikoni, nkuika timapaipi mkati toti tizipopa magaziwo nthawi yake ikakwana. Mmodzi mwa akatswiri otchuka a ntchitoyi, Tom Savini wa ku America, anakhalapo wojambula zithunzi ku nkhondo ya ku Vietnam, mabala enieni anawaona ndi maso ake nde zomwe ankaumbazo zinkaoneka ngati zoonadi. Munthu ukadziwa zimenezi umaonera ndi diso lina, umati koma anthuwa apanga bwanji pamenepa.

Koma chifukwa chachikulu chomwe mafilimuwa achulukira ndi ndalama basi. Saw yoyamba ya mu 2004 anaipanga ndi ndalama yongopitirira pang'ono 1 miliyoni ya madola koma inabweretsa zoposa 100 miliyoni, nde mukuganiza kuti akanaisiya? Anapitiriza mpaka yachikhumi inatuluka mu 2023. Terrifier 2 ya mu 2022 inatchuka chifukwa cha mbiri yoti anthu ena akukomoka ndi kusanza m'malo oonetsera kanema, ndipo mbiri imeneyoyo ndi imene inaigulitsa. Yachitatu yake ya mu 2024 ku France anachita kulamula kuti aliyense wosakwana zaka 18 asaonere. Filimu yotere safuna wosewera wotchuka wodula, safuna nkhani yozama, ndipo magazi safuna womasulira, wa ku Jali ndi wa ku Tokyo onse amva chimodzimodzi. Wopanga akaona kuti kudula chala kwagulitsa, chaka chamawa adula mkono, chinacho asenda khungu lonse, chifukwa alibenso china choti awonjezere.

Apa ndi pomwe pali vuto langa. Magazi mu filimu ali ngati tsabola wa kambuzi mu ndiwo, pang'ono amakometsa, ukathira dzanja lonse lilime limafa ndipo sumvanso kuti ukudya nsomba kapena nyemba. Ndaona ndi maso anga anthu amene aonera mafilimu amenewa ambirimbiri, saopanso, amangoonera ngati akuonera munthu akusenda mbuzi pa msika, ena mpaka amathamangitsa filimu kudumpha pomwe anthu akuyankhula kuti akafike msanga pophana. Nde ngati munthu akudumpha nkhani, ndiye kuti ophedwawo sakuwadziwa, sakuwamvera chisoni, ndipo ngati sukumumvera chisoni munthu sungamuopere. Filimu yoopsa yomwe siyikuopseza yalephera ntchito yake, kaya ithire magazi odzadza mgolo.

Akale ankadziwa zimenezi. Mu Psycho ya Alfred Hitchcock ya mu 1960 muli malo otchuka aja mayi akuphedwa ku bafa, anthu ambiri amalumbira kuti anaona mpeni ukung'amba thupi koma ukaonetsetsa bwino zomwe ukuona ndi tizidutswa ta zithunzi tosinthana mwachangu, mpeni m'mwamba, kukuwa, madzi akutsika, ndipo magaziwo anali chokoleti chamadzi poti filimuyo inali yopanda mitundu. Kudulako kumachitika m'mutu mwa woonera. Jaws ya mu 1975 nayonso, chinsomba chopanga chomwe Steven Spielberg amafuna kugwiritsa ntchito chinkangowonongeka m'madzi a m'nyanja, nde anakakamizika kuchionetsa pang'ono chabe, mbali yaikulu timangoona madzi, miyendo ya osambira ndi kumva kanyimbo kaja, koma anthu anaopa kulowa m'nyanja chifukwa cha filimu imeneyo.

Ndipo ife a ku Zomba sitikufunika kuphunzitsidwa ndi azungu pa nkhani imeneyi. Tinakula tikumva za Napolo, agogo athu akutiuza za madzi a mu 1946 amene anatsika m'phirimu nkukokolola milatho ndi nyumba, palibe gogo anatijambulirapo Napoloyo kuti amaoneka chonchi koma mvula ikagwa usiku wonse ndipo mtsinje wa Mulunguzi kapena wa Likangala nkuyamba kulira, mwana aliyense ankagona maso ali gwa. Pitani pamwamba pa phiri mukaime m'mphepete mwa Chingwe's Hole, simuona fupa, simuona magazi, mumangoona mdima wa dzenje nkukumbukira zomwe akuluakulu amanena zoti kale ankaponyamo anthu, miyendo imachita kuzizira yokha. Nthano za afiti ouluka pa lichero, za fisi wogogoda pa chitseko usiku akuyankhula ngati m'bale wako, zonsezi zinkatigwira chifukwa wofotokoza ankadziwa pomwe asiyire kuti ife timalize tokha. Amenewo ndi mantha amene amakutsata mpaka ku chimbudzi usiku, osati awa oti filimu ikangotha umafunsa kuti ilipo ina yoposa iyi.

Tsono pali china chomwe chimandivuta kuposa zonsezi. M'ma vidiyo sho athuwa mafilimu ambiri amabwera omasuliridwa kale m'Chichewa, ndipo omasulirawo ndi aluso, asandutsa mafilimu akunja kukhala athu, ndimawapatsa ulemu. Koma imvani zomwe zimachitika pa filimu ya magazi. Mtsikana wamangidwa pa mpando akulira, akupempha kuti amusiye, womasulira akuponyapo nthabwala, holo yonse ikufa ndi phwete, ndipo kutsogolo pansi pa sikirini pakhala tiana ta ku pulaimale tina tovala yunifomu, tina tabereka ang'ono awo kumbuyo. Mwana ameneyo akuphunzira kuti munthu akamalira ndi ululu ndi nthawi yoseka. Chimenechi chimandikhudza mtima kwambiri moti nthawi zina ndimatuluka ndisanamalize.

Sindikunena kuti filimu ndi imene imapangitsa munthu kupha mnzake, nkhanza zinalipo mafilimu asanabwere ndipo anthu ambiri oonera ma horror ndi ofatsa bwinobwino. Koma tisaiwale dziko lomwe tikukhalamo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre, anthu osalakwa kumenyedwa ndi gulu mpaka kufa. Abale athu achialubino aphedwa ndi kudulidwa ziwalo, ena konkuno ku chigawo chakum'mawa, Machinga ndi pafupi pompa. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno ndipo zithunzi za mitembo yokutidwa ndi matope zinkayenda m'magulu a WhatsApp achibale ena asanauzidwe nkomwe. Ngozi ikachitika pa msewu wa Zomba kupita ku Blantyre kapena ku Liwonde, ena chomwe amayamba kutulutsa ndi foni osati dzanja lothandiza. Kwa munthu wa ku Los Angeles kudula mkono pa sikirini mwina ndi masewera akutali, kwa ife pali mabanja amene zimenezi zinawachitikiradi. Ndipo chomwe chimandiopsa nchoti mu shopu muno ndafunsidwapo ngati ndili ndi mavidiyo enieni a anthu akuwotchedwa, wofunsayo akufunsa ndi mawu omwewo amene amafunsira filimu, ngati zonse ndi katundu mmodzi. Zimenezo ine sindisunga ndipo sindidzasunga.

Kunja kumene mafilimuwa amachokera ali ndi malire a zaka, pa chikuto pamalembedwa 18 ndipo pa khomo la kanema mwana amabwezedwa. Ku Britain makaseti a vidiyo atayamba kulowa m'nyumba za anthu kunabuka mkangano waukulu pa mafilimu a magazi mpaka anakhazikitsa lamulo mu 1984 loti kaseti iliyonse iyambe yaunikidwa ndi kupatsidwa zaka zoyenera. Ifenso lamulo tili nalo, la Censorship and Control of Entertainments la mu 1968, koma linalembedwa nthawi yomwe filimu inkaonetsedwa mu holo ndi makina aakulu, nthawi ya Kamuzu. Lero filimu imabwera ngati fayilo yopanda chikuto, dzina lake lokha nthawi zina lolembedwa molakwika, imachoka mu kompyuta kupita mu memori, kuchoka mu memori kupita pa foni ya mnzake kudzera pa Bluetooth kapena Xender, 18 uja anatsalira kutali. Kholo likaona mwana ali chete ndi foni limasangalala kuti sakuyendayenda, osadziwa kuti akuonera munthu akuchekedwa ndi sowo.

Nde pempho langa loyamba likupita kwa anzanga a ntchito ngati yangayi, kuyambira mu tauni, Matawale, Chikanda, Mpondabwino mpaka Songani. Ife ndi amene tili pa khomo tsopano, palibenso wina. Tiyeni mafilimu amenewa tiziwasunga mu foda yawoyawo ndipo mwana akabwera tizimukaniza ngakhale atabwera ndi ndalama m'manja, ine ndimatero ndipo makasitomala sanathe, makolo ena amabweranso chifukwa cha chomwecho. A mavidiyo sho, ngati mukufuna kuonetsa za magazi onetsani usiku kwa akuluakulu, masana ana akuweruka ku sukulu ikani mpira, katuni kapena za karate. Omasulira, luso muli nalo, koma si paliponse pofunika nthabwala, pomwe munthu akuzunzidwa mutha kungokhala chete pang'ono, muona kuti holo ichita mantha kuposa mmene mukanayankhulira. A bungwe loona za mafilimu ndikupempha kuti mutiyendere ife a timashopu ndi kutipatsa ndondomeko yosavuta ya zaka, ngakhale kapepala komata pa khoma kapena mndandanda wotumiza pa WhatsApp, ambirife titsatira.

Kwa achinyamata amene ayamba kujambula mafilimu awoawo, ena ali pompano pa yunivesite ku Chirunga, musathamangire kugula utoto wofiira kuti mufanane ndi akunja, pa magazi simungawapose, ali ndi ndalama ndi makina. Muli ndi phiri lomwe nkhungu imatsika masana dzuwa likuswa mtengo, muli ndi nyumba zakale za atsamunda zomwe ena amaopa kudutsapo usiku, muli ndi nyanja ya Chilwa yomwe imauma nkubweranso, muli ndi agogo amene akudziwabe kufotokoza nkhani mpaka mwana kukana kukatunga madzi yekha. Filimu yoteroyo ine ndidzaiika patsogolo mu shopu muno ndipo ndidzailipira.

Inunso akonzi, pa tsamba lanu la zisangalalo mukamalemba za filimu muzitiuzako zaka zoyenera kuonera ndi zomwe zilimo, makolo ambiri amene amabwera kuno sadziwa maina a mafilimuwa koma nyuzi amawerenga.

Ine wanu,
Wokonda mafilimu,
Chinamwali, Zomba