Kalata yoyamikira Ofesi ya Pulezidenti ndi Nduna pa kubweza asilikali athu kuchokera ku Goma

Kwa Mlembi Wamkulu,
Ofesi ya Pulezidenti ndi Nduna,
Capital Hill, Lilongwe.

Olemekezeka,

Ndine mphunzitsi wopuma ntchito wa m'boma la Ntcheu, ndipo mwana wanga wachiwiri ndi mmodzi wa asilikali a Malawi amene anatumizidwa kum'mawa kwa dziko la Democratic Republic of Congo pansi pa gulu la SADC lotchedwa SAMIDRC. Ndalemba kalatayi kuti ndithokoze ofesi yanu, m'malo mwa banja langa, chifukwa cha ganizo limene linalengezedwa pa 5 Febuluwale 2025, pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera analamula mkulu wa asilikali kuti ayambe kukonzekera zochotsa anyamata athu kumalo ankhondowo.

Ndiloleni ndifotokoze mmene masiku aja analili pakhomo pathu, kuti muone kumene kuthokozaku kukuchokera. Pamene zigawenga za M23 zinkayandikira mzinda wa Goma kumapeto kwa Januwale, foni ya mwana wathu inasiya kupezeka. Mayi ake ankagona nayo foni pansi pa pilo, ndipo usiku ndinkawamva akudzuka kukayang'ana ngati uthenga umene anatumiza pa WhatsApp wafika. Sunkafika. Wailesi italengeza kuti asilikali atatu a Malawi aphedwa pankhondoyo, mayina asanatchulidwe, mpongozi wathu anasiya mphika pamoto nakakhala kuseri kwa nkhokwe osalankhula, pamene ana awo awiri ankangotiyang'ana ife akuluakulu kuti adziwe ngati ndi nthawi yolira. Titamva mayinawo mtima wanga unakhala pansi, koma nthawi yomweyo ndinachita manyazi, chifukwa kupuma kwathuko kunali maliro pamakomo ena atatu. Dziko la South Africa linataya asilikali 14 m'masiku omwewo, ndipo Goma inagwa m'manja mwa M23.

Alipo ena amene ankati kuchoka ndi mantha, kuti msilikali sathawa pamene mfuti zikulira. Ine sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono. Asilikali a Malawi mbiri yawo ku Congo ndi yodziwika: akhala akutumikira m'gulu lapadera la MONUSCO, asilikali osungitsa mtendere a United Nations m'dzikolo, kuyambira 2013, ndipo mu Novembala 2018 tinataya asanu ndi mmodzi kufupi ndi mzinda wa Beni, mmodzi mwa iwo ali Chancy Chitete, amene anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania ndipo bungwe la United Nations linamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Anthu otere simungawatchule amantha. Vuto la ulendo uno linali lina. Gulu la SAMIDRC, limene linayamba kupita mu Disembala 2023, linakakumana ndi M23, gulu lokhala ndi zida zamphamvu, limene akatswiri a United Nations akhala akunena kuti limathandizidwa ndi dziko la Rwanda, ndipo Goma itagwa anyamata athu anatsala otsekerezedwa m'misasa yawo, bwalo la ndege litatsekedwa. Kuwasiya pamenepo kukanakhala kungodikira mabokosi ena.

Chimene ndayamikira kwambiri ndi chakuti simunadikire kuti ena ayambe. Mfuu yakuti ana abwere kwawo inali itayamba kale kumveka m'mapulogalamu oyimbira foni pa wailesi, m'maminibasi ndi pamaliro, ndipo ku South Africa aphungu a zipani zosiyanasiyana anaimirira m'nyumba yawo ya malamulo kufunsa boma lawo chimene asilikali akuferako. Komabe dziko la Malawi ndi limene linayamba kunena poyera kuti likuchotsa asilikali ake, pofuna kulemekeza kuleka kumenyana kumene kunali kutalengezedwa ndi kupereka mpata wa zokambirana. Patangopita masiku atatu atsogoleri a SADC ndi a East African Community anakumana ku Dar es Salaam, ndipo pa 13 Marichi msonkhano wa SADC unathetsa ntchito ya gulu lonselo ndi kugwirizana zochotsa asilikali pang'onopang'ono. Ndikudziwa kuti sichinali chapafupi kutsogola pa nkhani yotere, dziko lathu lili laling'ono pakati pa anzathu akuluakulu, ndiponso podziwa kuti anthu wamba a m'chigawo cha North Kivu, kumene kuli Goma, amene anyamata athu anapitira, akadali pamoto. Za iwowo mtima wanga sunakhazikike mpaka lero.

Kudikira kunatalika ndithu, pakuti ntchito yosamutsa inayamba kumapeto kwa Epulo, ndipo njira yake inali yapamtunda, kudutsa mu Rwanda mpaka ku Tanzania. Koma mwana wanga anafika. Anatsika minibasi pa siteji yathu chakumadzulo atanyamula chikwama chimodzi, ataonda kwambiri moti lamba anali atabooledwa kabowo katsopano. Mayi ake anamuphera nkhuku yachikuda, koma iye anangodya pang'ono, kenako anapempha madzi a pachitsime chathu namwa makapu atatu ali chete. Za ku Goma salankhula zambiri, ndipo ife sitimukakamiza. Mwana wake wamng'ono, amene anamusiya akukwawa, anatenga masiku awiri kuti avomere kunyamulidwa ndi bambo ake.

Pothokoza chonchi, ndikupempha mwaulemu kuti ofesi yanu ipitirize kuyang'anira mabanja atatu amene ana awo anabwera m'mabokosi, makamaka pa maphunziro a ana osiyidwawo, komanso kuti amene anabwerera amoyo apeze aphungu owathandiza maganizo, chifukwa ndikuona ndi maso anga kuti tulo sitikubwera bwino kwa mwana wanga. Chonde fikitsaninso kuthokoza kwathu kwa akuluakulu a asilikali ndi onse amene anayendetsa ulendo wobwererawo.

Ine wanu mwaulemu,
Bambo wa msilikali,
Ntcheu.