Kwa eni galaja amene munagwira Triumph Spitfire yanga

Abwana, ndakuimbirani kasanu, ndafika pagalaja panu kawiri, ndipo ulendo uliwonse anyamata anu akungoti mwatuluka. Ndiye ndalemba pano poti mwina pa Facebook mundimva. Dzina la galaja sinditchula, mukudzidziwa nokha.

Galimoto ndinakubweretserani ija ndi Triumph Spitfire Mk3 ya 1968, yopangidwa ku Coventry, imene anandisiyira malemu bambo anga. Mavuto ndinakuuzani awiri. Chiwongolero chimagwedera ukachikankhira m'mwamba ndi m'munsi, komanso hutala imalira yokha ndikamakhota. Tsiku lina inalira osaleka pafupi ndi chipatala cha Bwaila ndikudutsana ndi lole ya maliro, amayi akuimba nyimbo kumbuyo. Manyazi ake sindidzaiwala. Munati ndi ntchito ya sabata imodzi, ndinapereka K240,000, galimoto inakhala kwanu masabata asanu.

Nditabwera kudzaitenga ndinapeza mwaboola thabwa la pa dashibodi, lija lili pakati pomwe pali mamita, n'kuikapo kabatani kofiira ka pulasitiki kolizira hutala. Thabwa limenelo bambo ankalipukuta Loweruka lililonse. Ndani anakuuzani kuti muboole? Mnyamata wanu anandiyankha kuti mawaya a Lucas, kampani ya ku UK yomwe inkapanga zamagetsi za galimotozi, ndi ovuta, hutala ya pachiwongolero siingakonzeke. Ndinameza malovu n'kunyamuka.

Patatha masiku atatu, ndikuchokera ku Kanengo pa M1, ndinamva chiwongolero chikuchita kutsalira: ndikachipotoza pang'ono, matayala osatsatira msanga. Mwana wanga wa zaka 9 anali pampando wapambali. Ndinaima, manja akunjenjemera, ndipo galimoto inachita kukokedwa mpaka ku Biwi kwa makaniko wina wachikulire.

Spitfire siibisa kanthu. Boneti yake imatseguka yonse kupita kutsogolo pamodzi ndi mamadigadi, moti chitsulo chochokera kuchiwongolero umachiona chonse uli chiimire. Madalawo anangogwira bawuti yomwe imamanga jointi ya m'munsi pa mano a chitsulocho, nati yake n'kuzungulira ndi zala. Zala, abwana, osati sipanala. Bawuti imeneyo ikachoka, chiwongolero chimatsala m'manja mwako galimoto ikupita kwina. Mnyamata wanu anaimasula, sanaimangenso, ndipo panalibe munthu woti aone ntchito yake galimoto isanatuluke pageti.

Za hutala anandionetsa ndi kababu koyesera magetsi. Hutala ya galimotozi imakhala ndi moto nthawi zonse kudzera pa waya wa pepo, ngakhale kiyi ali m'thumba. Batani la pakati pa chiwongolero ntchito yake n'kungogunditsa waya wa pepo wa mzere wakuda ku earth. Pakati pa batani ndi kamphete ka mkuwa kali kumbuyo kwa chiwongolero pamakhala kachitsulo ka sipuling'i konga pensulo, komwe kamakhudza kampheteko chiwongolero chikamazungulira. Mabushi, timphete togwira chitsulo cha chiwongolero kuti chisagwedere, atatha, chimagwedera n'kumagunda pomwe sichiyenera kugunda, hutala n'kumalira yokha. Ndiye kuti mavuto awiri ndinakuuzani aja anali vuto limodzi. Mukanasintha mabushi awiri, zonse zikanatha.

Mabushiwo pa risiti munalemba kuti mwasintha. Titasolola chitsulo tinapeza akale omwewo, labala yake itanyenyeka ngati chikonyo cha chimanga chofumbwa. Waya wa mzere wakuda munaudula n'kuukulunga tepi. Kapensulo kaja mulibe. Kawaya ka earth kamene kamalumpha jointi, poti jointiyo ili ndi labala ndipo moto sudutsa, nakonso munakachotsa. Ndiye ngakhale wina akanalumikizanso waya uja, batani la pachiwongolero silikanalira.

Chimene chikundiwawa kwambiri si ndalama ayi. Mukanandiuza tsiku loyamba kuti galimoto zakale ngati iyi simuzidziwa, ndikanakuthokozani n'kupita kwina. Galimotozi anasiya kupanga mu 1980, ndipo pano pa Lilongwe zitsulo zake sungazipeze pa shelefu. Kalikonse kamachita kuitanitsidwa ku UK n'kudikira masabata. Kanthu kakang'ono kamene mnyamata wanu anataya m'zinyalala, ine ndikagula ndi mapaundi.

Ndikupempha zinthu zitatu. Mundibwezere K240,000 yanga. Mufufuze pa benchi panu kapensulo kaja ndi kawaya ka earth mundipatse. Za thabwa mwaboola tikhale pansi tikambirane, chifukwa bowo silitsekeka ndi pepani.

Zithunzi za nati ija ndi mabushi akalewo ndili nazo, risiti yanu ndili nayo, ndipo madala a ku Biwi avomera kudzafotokoza zomwe anapeza. Loweruka lino 9 koloko m'mawa ndidzakhala pageti panu. Mukadzatulukanso, Lolemba ndikatula nkhaniyi ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission.