Anadula ndakatulo ya mwana kuti bwana asachedwe

Akonzi,

Ndiloleni nditulutse zakukhosi pa zomwe ndinaona pa 5 June, tsiku lokumbukira chilengedwe padziko lonse, pasukulu ina ya pulayimale muno mu Blantyre. Mdzukulu wanga wa sitandade 7 anasankhidwa kuti alakatule ndakatulo ya kukonda ndi kusamala dziko lapansi. Anaipeka yekha. Masabata awiri athunthu ankayeserera kuseri kwa khitchini, nkhuku zokha zikumumvera, mpaka tonse pakhomo tinailoweza osafuna.

Mwambo ankati uyamba 9 koloko. Mlendo wolemekezeka anatulukira 11 itadutsa, ana ali chikhalire pansi, chiperoni chikuwalowa m'mafupa. Kenaka malonje. Aliyense wogwira maikolofoni ankayamba watchula maudindo a anthu onse okhala pamipando, ngati kuti wina akaiwalika mvula sigwa chaka chino. Bwana mwiniwake anawerenga Chingerezi mphindi 40 kuchokera papepala lomwe zimaonekeratu kuti analemba ndi wina, n'kutiuza kangapo kuti ana ndiwo atsogoleri a mawa.

Ndiye mtsogoleri wa mawayo anaitanidwa. Ananena ndime yoyamba, yachiwiri. Akuti ayambe yachitatu, woyendetsa mwambo anangomulanda maikolofoni, ati tiwombe m'manja, nthawi yatithera, bwana ali ndi pulogalamu ina. Mwana anatsala chiimire, pakamwa pali yasa.

Mukudziwa zomwe zinali m'ndime yachitatuyo? Zinali za usiku wa mu March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kutsikira pa nyumba za anthu ku Chilobwe. Mwanayu sanazimve pa wailesi ayi. Analipo. Anagona m'kalasi ngati malo othawirako, ndipo anzake ena omwe ankasewera nawo fulaye sanawaonenso. Dziko lino linataya anthu oposa 1,000 pa ngozi ija. M'ndime imeneyo amafunsa akuluakulu kuti mitengo ya m'phiri inapita kuti. Funso limenelo ndi lomwe linasowa mphindi ziwiri, pomwe malonje anapeza ola lathunthu.

Zisanathe, bwana anabzala mtengo umodzi, makamera ali ng'aning'ani. Mu June! Ngakhale mwana wa sitandade 1 akudziwa kuti nyengo yobzala mitengo kuno imayamba mu December ndi mvula, n'kutha mu April. Ndadutsapo sabata yatha, patsala kamtengo kouma ngati mswachi. Magalimoto atanyamuka, pabwalo panali mbwee mabotolo a madzi ndi majumbo omwe munali zakudya za alendo. Anatola ndani? Ana omwewo, m'mimba muli pululu.

Ndipo majumbowa ndiye musandiyambe. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 kale mu 2015, khothi lalikulu la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Pitani ku msika wa Limbe lero mukagule tomato wa pamulu, muone ngati akupatseni m'tsamba la nthochi. Imani pa mlatho wa Mudi muone zomwe zikuyandama, ngati mphuno yanu ingalole. Phiri la Ndirande linametedwa mpala ife tikuona, ndipo m'mawa uliwonse njinga za makala zikulowa m'tauni mondondozana. Inenso ndimaphikira pa mbaula, sindikana, chifukwa gasi ndingamupeze ndi ndalama ziti? Koma ine sindivala suti n'kumakaphunzitsa ana za chilengedwe kwinaku ndikuwatseka pakamwa.

Ndikupempha a Unduna wa Maphunziro, a bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA komanso akhonsolo ya mzinda wathu kuti nkhaniyi aimve. Kodi miyambo imeneyi ndi ya ana kapena ndi ya alawansi? Malemba amati m'kamwa mwa makanda ndi oyamwa mumatuluka mphamvu, koma ife tikuthamangira kuzimitsa maikolofoni. Mdzukulu wanga chibwerereni tsiku lija kope lake la ndakatulo analiponya pansi pa bedi, ndipo ndikamufunsa amangoti zilibe ntchito, agogo.

Chaka chamawa ana azilankhula koyambirira, mabwana pambuyo, aliyense mphindi zisanu basi. Wochedwa apeze mwambo uli mkati. Madzi a alendo abwere mu ndowa ndi makapu. Ndipo aphunzitsi aakulu a pasukulupo amuitane mwanayu pa asembule Lolemba likubwerali amalize ndime yake yachitatu, ine ndidzabwera ndi mpando wanga.

Gogo wokwiya,
Chilobwe, Blantyre