Dzanja likutha, ngongole siikutha: ndipirire kapena nditsike m'sitimayi?

Zikomo Azakhali,

Pepani ngati kalatayi ikudumphadumpha. Ndikulemba pa foni pakati pa usiku ndi dzanja lamanzere, chifukwa lamanja lachita dzanzi kuyambira paphewa mpaka kuzala. Ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Ntcheu. Ndimagwira ntchito yokonza zipinda za alendo m'sitima yapamadzi, zikuluzikulu zija zonyamula anthu okasangalala. Yathu imanyamuka ku Miami, n'kuzungulira ku Nassau, Cozumel ndi madoko ena, kenako n'kubwerera kukatenga anthu ena. Dzina la kampani sinditchula, ndipo langa musalembe chonde.

Kumudzi akudziwa kuti ndili ku America. Amerikayo ine ndimamuonera pa zenera la chipinda cha mlendo ndikamapukuta galasi.

Poyamba ndinali ku Cape Town ndi amuna anga, ndimagwira ntchito yomweyi mu hotela ina. Za mapepala athu kumeneko tisakambe. Mayi wina amene tinkapemphera naye ndi amene anandilozera kwa ejenti wolemba anthu ntchito za m'sitima. Munthu akamva za madola, Azakhali, ndipo ana ali kumudzi ndi agogo awo okalamba, nyumba yodontha, angakane ndani? Amuna anga panthawiyo anavomera. Ndikufuna mumve bwino pamenepa: anavomera, ndipo ndi iwo amene anandiperekeza kukaonana ndi ejentiyo.

Zofunika zake zinali phiri. Pasipoti yoti isakhale pafupi kutha. Kalata ya kupolisi yosonyeza kuti ulibe mlandu, moti ndinakwera basi kubwerera kumudzi kuti ndikadinde zala ku Area 30 ku Lilongwe. Khadi yachikasu ya katemera wa yellow fever. Mayeso a Chingerezi a pa kompyuta. Kuchipatala anandiyeza magazi, mkodzo, maso, makutu, mano, n'kundijambula pachifuwa, ndipo satifiketi yake imatha mphamvu pakapita zaka ziwiri, ukayezetsenso. Kenako maphunziro a chitetezo amene amati STCW, popanda amenewo sukwera sitima ngakhale ntchito yako ndi yotsuka mbale. Ine mwana wa kumapiri amene sindinasambirepo chibadwire, anandiveka jekete yoyandamitsa n'kundiuza kuti ndidumphire m'dziwe lakuya, ndikwere m'kabwato kopulumukira. Tsiku lina anatilowetsa m'chipinda chodzaza utsi titabereka botolo la mpweya, paipi yozimitsira moto ili m'manja. Ndinapirira zonsezo. Viza ya ogwira ntchito m'sitima zofika ku America, imene amati C1/D, ndinalipira madola 185, ejenti n'kunena kuti adzandibwezera ndikakwera. Mpaka lero ndikufunsabe.

Koma ndalama imene yandimanga si imeneyo. Ejenti anati pakufunika ina yoti dzina langa liyende msanga, apo ayi ndidikira chaka. Kuchuluka kwake sindinena, ndili ndi manyazi. Ina tinatenga ya katapila kwa munthu wina wakwathu komweko ku Joni. Ina mayi anga anakatapa ku banki m'khonde m'dzina lawo, ndipo chikole chimene anaika ndi chinthu choti malume anga akamva, ine kumudzi sindidzapondako. Lisiti sanandipatse. Ndinapempha, anandiyankha kuti ngati sindikuwakhulupirira, anthu ofuna malowo ndi ambiri.

Ntchito sindiiopa, ndinakula ndi khasu. Koma kuno tsiku lopuma kulibe, Lamulungu ndi Lolemba n'chimodzimodzi kufikira kontilakiti ya miyezi 9 itatha. Chimene amatcha kupuma ndi maola ochepa a masana. Ndimayamba m'mamawa, kuyala mabedi, kutsuka mabafa ndi zimbudzi, kukoka vakyumu, kukankha ngolo ya zofunda m'makonde aatali, madzulo kubwereranso m'zipinda zomwezo. Matiresi ake ndi olemera, ndipo kuti nsalu ikhale yosalala mmene amafunira uyenera kunyamula ngodya iliyonse. Tsiku lofika ku Miami ndiye loopsa: alendo onse amatsika m'mawa, atsopano amakwera masana omwewo, zipinda zonse zikhale ngati simunagonepo munthu, kuphatikizapo kunyamula masutikesi. Mphekesera ikamveka kuti akuluakulu a zaumoyo a ku America abwera kudzayendera, poti amabwera mosachenjeza ndipo sitima ikapeza malikisi 85 kapena kucheperapo ndiye kuti yalephera, timakwecha mpaka usiku ngakhale malo oyera kale. Ukangoti ugoneko masana, belu la kuyeserera za ngozi lalira, vala jekete, thamangira pamalo pako.

Dzanjali linayamba pang'onopang'ono. Tsopano ndikagwira kapu imandipulumuka. Ndikumwa mapanado ngati chakudya.

Dokotala m'sitima muno alimo, ndipo ife antchito sitilipira. Koma ndinaona zimene zinachitikira mnyamata wina wa m'khitchini amene anadandaula msana: anamulembera kuti sangathe kugwira ntchito, n'kumutsitsa pa doko lotsatira. Ena akuti akumulipirira chipatala kwawo, ena akuti sadzamuitananso. Paja kuno kontilakiti iliyonse ndi payokha. Ikatha umapita kwanu, malipiro amaima, n'kumadikira ngati akuitanenso malinga ndi mmene kapitawo wakulembera. Ine akanditsitsa lero, wa katapila uja ndimuuza chiyani?

Pali mayi wina wa ku Philippines, wamkulu ndithu, wagwira m'sitima zaka zambiri. Iyeyu ndi amene ananditsegula m'maso. Ananditengera pa bolodi ya pafupi ndi kodyera antchito n'kundionetsa za pangano la mayiko lotchedwa MLC 2006, loteteza ogwira ntchito panyanja. Akuti munthu ayenera kupuma maola osachepera 10 pa maola 24 alionse, ndi maola 77 pa masiku 7. Kupumako kusagawidwe m'zigawo zoposa ziwiri, ndipo chigawo chimodzi chikhale cha maola 6 kapena kuposa. Ukadwala uli pa ntchito, mwini sitima ndiye alipire chipatala ndi ulendo wobwerera kwanu, ndipo udindo umenewo saloledwa kuudula masabata 16 asanakwane ngati sunachire. Chimene chinandiliza ndi ichi: ejenti saloledwa kulipiritsa munthu kuti amupezere ntchito. Zimene munthu angadzilipirire ndi pasipoti, buku la ogwira ntchito panyanja ndi satifiketi ya kuchipatala. Ngakhale viza imene ija, wolipira ndi mwini sitima. Ndiye kuti chikole cha mayi anga chili pa ndalama imene sindinayenere kupereka n'komwe. Mayi wa kutchalitchi uja sankadziwa zimenezi? Kapena anadyapo? Masiku ano mauthenga anga amangowerenga osayankha.

Za maolawo, timalemba tokha pa kompyuta. Ukalemba zoona ndipo zapyola malire, pamaoneka zofiira, kapitawo amakuitana kuti "ukonze". Timakonza. Pakutha pa mwezi timasainira kuti tinapuma mokwanira. Aliyense amatero, si ine ndekha, ndipo amene ali ndi ana kumudzi sangayambe kulimbana ndi munthu amene amamulembera lipoti. Mayi wa ku Philippines uja akuti pali njira yodandaulira m'sitima momwemo ndipo lamulo limaletsa kuzunza wodandaula, komanso kuti m'madoko muli oyendera a bungwe la ITF, loimira ogwira ntchito za mtengatenga, amene munthu angawalembere mwachinsinsi. Koma iye mwini sanadandaulepo. Sitimayi imanyamukira ku America, mbendera yake ndi ya Bahamas, ejenti ali ku Joni, ine ndine wa ku Malawi. Mlandu wanga ungakambidwe m'bwalo la ndani?

Kabini yathu ili pansi, yopanda zenera, yaing'ono ngati khola la nkhunda, ndipo timagonamo awiri. Mnzangayo amagwira ku bala, amabwera ine nditagona, amayatsa nyali, n'kuyamba kucheza ndi chibwenzi chake pa vidiyo mokweza. Bedi langa ndi lam'mwamba chifukwa iye anayamba kufika, ndiye taganizani kukwera makwerero ndi dzanja limodzi. Ndinamupempha mwaulemu kuti tisinthane kwa sabata imodzi yokha. Anati amachita chizungulire. Munthu woti amavina ku bala ya antchito mpaka m'bandakucha! Masokosi ake onyowa amayanika pa chitsulo cha bedi langa, sopo wanga wochapira amatapa osapempha, ndinachita kulemba mzere pa botolo kuti nditsimikize. Mwina muona ngati zazing'ono, koma munthu ukatopa zimenezi zimabaya.

Nanga alamu anga, mchemwali wa amuna anga. Ndinaika chithunzi chimodzi pa Facebook, chimodzi chokha, ndili ku Cozumel. Ndinatsika kwa maola awiri kukasaka Wi-Fi yaulere poti intaneti ya m'sitima timagula, ndipo magalasi a dzuwa amene ndinavalawo anali obwereka. Iwo analemba pansi pake kuti "abwana akudya bwino, ife atiiwala", mawa lake n'kunditumizira uthenga wopempha foni yatsopano. Chithunzicho ndinajambulitsa kuti ana anga aone kuti mayi awo ali moyo. Ndinalakwa pamenepo?

Chimene chandipangitsa kulemba lero ndi amuna anga. Tinagwirizana kuti ndalama ndizitumiza kwa iwo, azidula ya katapila kaye, yotsala azitumiza kwa mayi pa Mukuru ya ku banki m'khonde ndi fizi ya ana. Mwezi uliwonse ndatumiza, ndimangotsala ndi ya sopo ndi intaneti. Sabata yatha wa katapila uja wanditumizira uthenga ine mwini kuti kwa miyezi iwiri sanaone kanthu, ndipo chiwongoladzanja chakwera. Mayi nawo akuti anzawo a ku banki ayamba kuwanena pamsonkhano. Nditawafunsa amuna anga, anati lendi inakwera, ganyu inasowa. Mwina n'zoona, moyo wa ku Joni ndimaudziwa. Palinso zina zimene ndamva zokhudza iwo, zimenezo sindilemba pano chifukwa umboni ndilibe. Ndiye ndinawauza za dzanjali, ndikulira, kuti ndikuopa kupuwala. Yankho lawo linali lakuti: "Munafuna nokha. Walira mvula walira matope."

Azakhali, munthu amene anandiperekeza kwa ejenti! Munthu amene akudya thukuta lomwelo! Ndikanakhala kuti ndinathawa pakhomo usiku ndikanamvetsa. Inde, ndine amene ndinayambitsa nkhaniyi, ndipo ndinaumirira pamene iwo anakayikira za katapila, koma ndinkaumirira chifukwa cha ndani? Mwana wanga wamng'ono masiku ano akamupatsa foni amangoti "muli bwanji" n'kuthawa. Ndikaweruka kuno, kumudzi kumakhala kusanache, iwo akamadzuka ine ndili mtulo, akamaweruka kusukulu ine ndili m'zimbudzi za anthu. Zonsezi ndimameza. Koma mawu akuti ndinafuna ndekha akundikanika kumeza.

Mayi anga sadziwa za dzanjali. Amadwala BP. Akandifunsa ndimati zonse zili bwino, chakudya n'chambiri, pamene nsima ndinaiiwala kakomedwe kake, ndi mpunga tsiku ndi tsiku.

Kusiya ndekha ntchito ndinaganizapo. Koma akuti ukasiya popanda chifukwa chomveka kontilakiti isanathe, tikiti ya ndege umadzigulira, ndipo kuchoka ku Miami kukafika ku Lilongwe ndi ndalama yoti ingameze zonse zimene ndatsala nazo. Kwatsala miyezi ingapo kuti ndimalize.

Ndiye ndithandizeni. Ndipite kwa dokotala ndikanene zoona zonse, ngakhale zitatanthauza kutsitsidwa ngongole ili pakhosi? Kapena ndilume mano mpaka kontilakiti ithe, ndikadzionetse kuchipatala kumudzi mwakachetechete, poti satifiketi yanga ikadali ndi nthawi? Nanga dzanjali likafa, adzandilemba ndani, ngakhale ya m'nyumba? Ndipo ndikabisa lero n'kudzanena mawa, sadzati ndinavulalira kwina? Maola abodza aja ndipitirize kusainira? Poti ndasainira kale miyezi yonseyi, ndikadandaula sadzanena kuti wabodza ndine? Ejenti uja ndingamutenge bwanji popanda lisiti, pamene ndili ndi mauthenga a pa WhatsApp okha? Ndalama ndisiye kutumiza kwa amuna anga, ndizilipira ndekha wa katapila ndi mayi? Ndikudziwa kuti ndikatero adzati ndayamba mwano chifukwa cha madola, ankhoswe adzaitanidwa ine kulibe, ndipo alamu anga aja adzapeza poyambira. Kodi banja limeneli lilipo, kapena ndikungolipirira dzina?

Ndipo mayi ndiwauze, kapena ndidikire? Chikole chija nthawi yake ikutha mvula ikamayamba. Chonde ndiyankheni mwezi uno usanathe, chifukwa ndi pamene adzatibweretsere mapepala a maola kuti tisainire.

Ine wosowa mtengo wogwira,
Panyanja