Wopita Kunyanja Agule Kamba Asanafike Padoko

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga a kuno ku Chipata amene masiku ano ayamba kusonkherana ndalama, kuwoloka malire a Mwami ndi kukachita hayala boti la matanga ku Senga Bay kuti akakhale masiku awiri kapena atatu panyanja ya Malawi. Chizolowezichi ndi chabwino, pakuti kwa ife a kum'mawa nyanja yaikulu yoyandikira ndi yomweyo, pamene wofuna kupita ku Siavonga ayenera kuyenda makilomita oposa 500 kuti angofika ku Lusaka, asanayambe n'komwe kutsetserekera ku Kariba. Komanso chitsegulireni ofesi imodzi ya pamalire ya Mwami ndi Mchinji mu Disembala 2022, kuwoloka kunapepukirako. Chimene chandichititsa kulemba ndi nkhani ya kamba wa paulendo, ndiko kuti chakudya, madzi ndi zakumwa, chifukwa ambiri timanyamuka tikuganiza kuti pamene maboti amakocheza pali sitolo yaikulu yotidikira, ndipo ine ndinalipira mtengo wa maganizo amenewo mu Julayi chaka chatha.

Tinalipo anthu asanu ndi mmodzi, abale okhaokha. Tinadutsa mu Lilongwe masana dzuwa lili paliwombo, masitolo onse ali otsegula, koma alamu anga amene ankayendetsa galimoto anati tisataye nthawi, zonse tikagula konko. Pa Salima, pamene pali mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Lilongwe, tinafika madzulo, ndipo tinangomwetsa mafuta n'kupitirira. M'mawa mwake woyendetsa boti, bambo wachikulire wa komweko, anayang'ana katundu wathu ali pamchenga, nafunsa mwaulemu kuti, "Bambo, kodi madzi akumwa ndi ayisi zili m'galimoto?" Tinayang'anizana. Tinali ndi thumba la unga la makilogalamu 10, botolo limodzi la saladi (mafuta ophikira), mchere, ndi kireti ya mabotolo opanda kanthu a mowa wa Mosi amene alamu anga ananyamula kuchokera ku Kapata pofuna kukasinthitsa ndi odzaza.

Apa ndi pamene pali phunziro loyamba la mowa. Ku Malawi mowa wofala wa m'mabotolo ndi Carlsberg, umene wakhala ukufululidwa ku Blantyre kuyambira mu 1968, pamodzi ndi Kuche Kuche, ndipo wogulitsa amafuna mabotolo a mowa womwewo, apo ayi mulipire ndalama ya chikole pa botolo lililonse ndi pa kireti yomwe. Mnyamata wa pabotolositolo ya m'mudzimo anaseka ataona mabotolo athu, natiuza kuti amenewo tibwerere nawo kwathu. Iye anali ndi makireti ochepa chabe, ofunda, chifukwa magetsi anali atazima usiku wonse. Mashopu a m'mbali mwa nyanja amaoda katundu molingana ndi anthu a m'mudzi, amene amagula shuga wa lero ndi sopo mmodzi, ndiye si chilungamo kuwadandaula kuti alibe zokwanira gulu lonyamula za masiku atatu nthawi imodzi. Mahotela a kugombe ali nazo zakumwa zozizira, koma amagulitsa pa mtengo wa munthu wokhala pampando, ndipo si onse amalola kutuluka ndi mabotolo awo.

Zotsatira zake, awiri a ife anabwerera ku Salima, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, kukasaka madzi, buledi, mazira, makala ndi ayisi. Pomwe ankabwerako nthawi inali itadutsa 11 koloko, mwera utakula, nyanja yachita thovu loyera mpaka ku chilumba cha Namalenje. Mwera ndi mphepo yochokera kum'mwera imene imavuta kwambiri m'miyezi yozizira ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, ndipo asodzi amaiopa ndithu. Woyendetsa boti anakana kunyamuka, ndipo anachita bwino kukana. Tsiku limenelo tinalilipira lonse tili khale pansi pa mtengo, tikuyang'ana boti likuvina pa nangula.

Malangizo anga, Akonzi, ndi akuti zouma zonse zigulidwe kuno kwathu kapena ku Lilongwe, ndipo Salima akhale malo omalizira zimene zaiwalika. Unga, mpunga, shuga, masamba a tiyi, saladi, nyemba, nsinjiro, machesi ndi sopo n'zosavuta kupeza ku Shoprite ya ku Chipata kapena pamsika wa Kapata, kumene munthu amadziwa kale mitengo ndipo amalipira ndi kwacha yake. Za nyama yaiwisi ndi mowa wambiri ndi bwino kusamala, chifukwa pamalire pali malamulo a zimene munthu angalowe nazo osalipira msonkho, ndipo njira yowongoka ndiyo kuonetsa katundu yense kwa a kasitomu ndi kufunsa, m'malo mobisa kireti pansi pa zikwama. Ine ndimaona kuti mowa n'kwabwino kugula mutawoloka kale, ku Lilongwe, kumene kumapezeka wa m'zitini, vinyo ndi Malawi Gin. Zitini zimaposa mabotolo m'boti, pakuti anthu amayenda opanda nsapato pamatabwa onyowa, ndipo botolo likasweka mafunde akugwedeza, mapale ake amabisala m'makona momwe tsache silifika.

Koma ndinene mosabisa kuti ife amuna tikamakonza ulendo wotere timayamba kuwerenga makireti, madzi n'kubwera pambuyo, pamene zimayenera kukhala mosemphana. Panyanja dzuwa limamenya kuchokera kumwamba, kenaka limabwereranso kumaso kuchokera pamadzi, ndipo mowa umangowonjezera ludzu. Ine tsopano ndimawerengera malita atatu a madzi akumwa pa munthu aliyense patsiku, kupatula ophikira. Amayi a kunyumba kwanga anapeza nzeru imene yatithandiza pa ulendo wachiwiri: amadzaza madzi m'mabotolo a pulasitiki a malita awiri, n'kuwaumitsa m'firiji masiku atatu tisananyamuke, poopa kuzimazima kwa magetsi. Mabotolo amenewa amagwira ntchito ya ayisi m'bokosi la zozizira, amachedwa kusungunuka kusiyana ndi ayisi wa tizidutswa, ndipo akasungunuka amakhala madzi akumwa. Wina aliyense amwe mowa wake boti litaima, koma asauyese n'komwe kupatsa woyendetsa, ndiponso woledzera asalumphire m'madzi ngakhale atalumbira kuti anakulira kusambira mu Lutembwe.

Sindikunena kuti tifike kunyanja titatseka zikwama, osasiyako kanthu kwa eni dera. Matimati, anyezi, masamba, nthochi ndi nsomba zigulidwe komweko, pakuti n'zatsopano ndipo ndalamayo imalowa m'manja mwa amayi a pamsika ndi asodzi. Usipa ndi utaka zimapezeka m'mamawa mabwato akamakocheza, kampango amapezeka mwa apo ndi apo, koma chambo chinachepa ndipo chinakwera mtengo, choncho munthu asakonze ndiwo za masiku atatu podalira chambo chokha. Asadalirenso mbedza yake, makamaka ngati boti likupita ku zilumba za Maleri, zimene zili m'gulu la malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, kumene kuwedza pafupi ndi gombe n'koletsedwa. Amayi a pamsika ndi asodziwa amafuna ndalama ya m'manja, kwacha ya Malawi, yosinthidwa kubanki kapena kubyulo yovomerezeka. Mitengo imene mnzanu anakuuzani zaka ziwiri zapitazo musaikhulupirire, chifukwa kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo zinthu zakhala zikukwerabe.

Pempho langa lomaliza likupita kwa eni maboti ndi kwa achinyamata a m'tauni muno amene amalengeza maulendo amenewa pa Facebook ndi pa WhatsApp. Zithunzi za dzuwa likutuluka timaziona, koma tiuzeninso polemba, tisanalipire, ngati mtengo wa hayala ukuphatikiza madzi akumwa, gasi kapena makala ophikira, miphika, bokosi la zozizira ndi chakudya cha ogwira ntchito m'boti, pakuti ife tinadziwira pamchenga pomwepo kuti woyendetsa ndi womuthandiza wake adya nafe, ndipo unga umene tinayesera anthu asanu ndi mmodzi unayenera kukwanira asanu ndi atatu. Mutiuzenso sitolo yomaliza yodalirika panjira ndi ola limene boti liyenera kumasulidwa, kuti wochokera ku Chipata adziwe ngati agone ku Lilongwe kapena ku Salima usiku wa pambuyo pa kugula.

Ndine wowerenga wanu,
wa ku Kapata, Chipata