Musathamangire kusintha mapuleti a klatchi musanayeze mpata wa liva

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhule ndi eni njinga zamoto zakale, monga ma Honda CB ndi CG125 a m'ma 1970, ma Triumph ndi ma BSA, pa nkhani ya klatchi. Njinga zambiri zimaikidwa mapuleti atsopano pamene vuto linali sikuluu imodzi yofunika kupotokola pang'ono. Chomvetsa chisoni n'chakuti mapuleti atsopanowo amapsanso posakhalitsa, chifukwa chimene chinapsereza akalewo palibe anachikhudza.

Klatchi imavuta m'njira ziwiri zotsutsana, ndipo choyamba n'kudziwa kuti yanu ikuvuta motani. Njira yoyamba ndi kuterereka. Injini itatentha, ikani giya yomaliza mukuyenda pang'onopang'ono, makamaka pachitunda, kenako tsegulani faya yonse. Injini ikalira mokweza koma liwiro osawonjezeka, klatchi ikuterereka. Zimayamba m'magiya apamwamba chifukwa ndimo mmene klatchi imasenza katundu wolemera kwa nthawi yaitali. Pa njinga zambiri zakale za ku Britain, mphamvu ya kiki imadzera mu klatchi, choncho mumazindikira msanga: phazi limangotsika, injini osatembenuka. Njira yachiwiri ndi kukakamira. Mwakoka liva mpaka yagunda chogwirira, koma giya yoyamba ikulowa ndi phokoso, njinga ikufuna kusuntha yokha, ndipo nyutirolo sakupezeka injini ikulira, pamene mukaizimitsa akupezeka mosavuta. Apo mapuleti sakulekana mokwanira.

Mavuto onse awiriwa, kawirikawiri, amayambira pa mpata umene liva imayenda isanayambe kukoka klatchi. Apa m'pofunika kumvetsa bwino. Mapuleti akamadyeka, mulu wawo wonse umachepa, ndipo puleti yopanikiza imasendera mkati, kufupi ndi kachitsulo kakatali koikankha kotchedwa pushrod. Mpata uja umatha pang'onopang'ono mwini wake osazindikira, ndipo ena amakondwa kuti liva yalimba. Ukatheratu, pushrod imakhala ikukankha nthawi zonse, masipuling'i sapanikiza ndi mphamvu zawo zonse, ndipo klatchi imaterereka ngakhale mapuleti akadali ndi moyo. Kuterereka kumabala kutentha, kutenthako kumapindika mapuleti achitsulo, ndipo klatchi imene inkangoterereka imayambanso kukakamira. Kudyeka kwa mapuleti, tsono, kumachepetsa mpata. Mpata ukamakula, makamaka mwadzidzidzi, kaikirani chingwe chochoka ku liva kupita ku klatchi: yang'anani pafupi ndi kamutu kake ka ku liva, chifukwa timawaya timayamba kuduka pamenepo, kamodzikamodzi.

Pokonza, dongosolo ndilo chinsinsi. Ambiri amangopotokola ajasita ya ku liva, kachitsulo komangira kapena kumasulira chingwe, n'kusiya. Yambani ndi kumasula chingwe kotheratu, ku liva ndi kumunsi komwe, kuti chisakoke chilichonse. Kenako pitani ku injini, pamene pali sikuluu ndi nati yake yotsekera, ngati njinga yanu ili nazo. Masulani nati, lowetsani sikuluu ndi zala ziwiri zokha pa sikuludilaiva mpaka mumve kuti yagunda, ndipo muibweze kota kapena theka la kuzungulira kumodzi, malinga ndi buku la njingayo. Pa njinga zina sikuluu imagunda mukamaipotokola chobwerera, choncho dalirani zimene dzanja likumva. Pomanga nati, gwirani sikuluu kuti isazungulire nayo, apo ayi kampata mwasiyako katha. Mukatero bwererani ku chingwe: kusintha kwakukulu kuchitike pa ajasita yakumunsi, ya ku liva ikhale yomalizira. Mabuku ambiri a Honda amafuna mamilimita 10 mpaka 20 kunsonga ya liva, pamene makampani ena amayeza pa mpata wa pakati pa liva ndi chitsulo choigwira, mamilimita 2 kapena 3. Pomaliza, khotetsani chiwongolero mpaka kumanzere ndi kumanja. Mpata ukasintha, chingwe chadutsa polakwika kapena n'chachifupi. Chingwe chakale chopanda pulasitiki mkati chimafuna madontho a oyilo, chifukwa chikauma sichibwerera bwino ndipo chimagwira klatchi ngati mwasiya chala pa liva.

Musanatsegule chilichonse, dzifunseninso za oyilo. Klatchi ya njinga zambiri za ku Japan imasamba mu oyilo yemweyo wa injini. Oyilo wina wa galimoto, makamaka wolembedwa Energy Conserving, amakhala ndi mankhwala ochepetsa kukhuzana, ndipo amatha kutereretsa mapuleti abwinobwino. N'chifukwa chake kuyambira 1998 pali muyezo wa JASO MA wosonyeza oyilo woyenera klatchi yotere. Pa njinga za ku Britain zimene klatchi imakhala m'bokosi lakelake pamodzi ndi tcheni, oyilo wochuluka kapena wolimba kwambiri amamatiza mapuleti. Njinga yotere ikakhalitsa osayenda, kokani liva ndi kuponda kiki kangapo musanailize, kuti mapuleti alekane.

Zonsezi zikalephera, ndiye tsegulani. Masulani mabawuti a masipuling'i pang'onopang'ono, moyang'anizana, ndipo sanjani mapuleti mmene munawachotsera. Mapuleti okhala ndi khungu logwira muwayeze kuchindikala kwake malo anayi ndi vernier, chida choyezera tinthu tating'ono. Pa CG125 puleti yatsopano imakhala pafupifupi mamilimita 3, ndipo ikafika 2.6 yatha. Kusiyana kumeneku diso silingakuone, koma pa mapuleti angapo pamodzi kumakwana kufooketsa masipuling'i. Puleti yowala ngati galasi, youma gwa, kapena yonunkha kupsa, itayeni ngakhale muyezo wake ukadali wabwino. Mapuleti achitsulo agonekeni pa galasi lophwatalala, n'kuyesa kulowetsa feeler gauge, kachitsulo kopyapyala koyezera mpata, pansi pake mbali zonse. Mabuku ambiri salola kupindika kopitirira mamilimita 0.1 mpaka 0.3. Mawanga abuluu ndi umboni wakuti puleti inapsa, ndipo yotere kawirikawiri imakhala itapindika.

Masipuling'i ndiwo amaiwalika kwambiri, chonsecho ndi otsika mtengo poyerekeza ndi zina zonse. Yezani kutalika kwa iliyonse isanapanikizidwe, ndipo imodzi ikafupika kupitirira malire a m'buku, sinthani onse pamodzi. Chizolowezi choika mawashala pansi pa masipuling'i otopa sitichivomereza: chimabisa vuto kwa kanthawi, chimalemeretsa liva, ndipo chimatha kuchepetsa mtunda umene puleti yopanikiza imakwera.

Mapuleti amakhala m'chitsulo chonga dengu chotchedwa basiketi: yendetsani chikhadabo m'mbali mwa zala zake, mmene makutu a mapuleti amagunda. Pa njinga yoyenda zaka zambiri mupeza timizere tokumbika ngati mano a sowo. Mapuleti amakodwa m'menemo, ndiye klatchi imakakamira kapena kugwira modzidzimutsa ponyamuka. Timizere tosazama mutha kutisalaza ndi tupa yosalala, mukuchotsa mofanana pa chala chilichonse kuti makutu onse azigunda nthawi imodzi. Tikazama, basiketiyo yatha ntchito, chifukwa kupala kwambiri kumasiya mpata umene umafulumizitsa kukumbika kwina. Gubuduzani pushrod pa galasi lomwe lija kuti muone ngati yakhota, yang'anani nsonga zake ngati zaphwanyika, ndipo samalani kampira kachitsulo kamene kamakhala nayo pa njinga zina. Kakagwa osaonedwa, klatchi silekana ngakhale mutapotokola sikuluu yonse.

Ma Triumph ndi ma BSA ambiri ali ndi manati osinthira mphamvu ya sipuling'i iliyonse. Kokani liva, zunguzani klatchi ndi kiki, ndipo yang'anitsitsani puleti yopanikiza. Ikamagwedezeka, mangani pang'ono nati ya mbali imene ikukwera kwambiri, mpaka puleti izikwera mofanana. Ntchitoyi imafuna kudekha, koma ndiyo imabweza nyutirolo wotayika pa njinga zimenezi.

Mapuleti atsopano a klatchi yosamba mu oyilo aviikeni mu oyilo woyera kwa maola angapo musanawaike. Ma BMW akale a masilinda awiri opingasa ndi osiyana: klatchi yawo ndi youma, ya puleti imodzi, ndipo oyilo akafikapo ndiye kuti silo (kalabala koletsa oyilo kutuluka) ya kumbuyo kwa injini kapena ya giyabokosi ikudontha, ndipo iyenera kusinthidwa pamodzi ndi puleti. Fumbi la mapuleti akale oterewa litha kukhala ndi asbestos, amene ndi woopsa kumapapo, choncho musaliuzire ndi mpweya. Lipukuteni ndi nsalu yonyowa.

Mukamanga zonse, bwerezani dongosolo lija kuyambira pa sikuluu ya ku injini, ndipo yezaninso mpata wa liva mukayenda maulendo oyambirira, chifukwa mapuleti atsopano amakhazikika n'kudya mpata mwasiyawo.

Ife,
Okonza njinga zamoto zakale